Chipembere Atenga Akatswiri Onse

Kalekale, anthu asanaphunzire kusoka nsapato, nyama zinali ndi mpira wazo. Sunthirani kuno ana inu, utsi ukupita uko. Nanunso akuluakulu amene mukunamizira kuwodzera, makutu anu ndikuwaona.

Mpira wake unali uwu woponya m'dengu, umene a m'tauni amati basiketibolo. Iwo amayesa unabwera pandege. Ayi ndithu, unayambira kutchire, pabwalo la pakati pa misangu iwiri. Msangu uku, msangu uko, uliwonse ndi dengu lake lobooka kunsi. Mpira unali dzaye louma. Ukaligunditsa pansi linkati du, du, du. Ukaliponya m'dengu linkati phwa, ndiye kuti wamwetsa. Njovu yekha ndi amene sankayandikirako. Nkhani ya iye ndi dzaye mukuidziwa, mnyanga uja sunamerenso.

Osewera ake sanali ongotayitsa nthawi. Anali odya za mpira. Sankalima, sankasaka, ankangodzuka n'kukaponya dzaye, chakudya n'kumawapeza pomwepo. Ndipo sankalimbirana chikho chachitsulo ngati masiku ano. Ankalimbirana dziwe la Mwalawozizira, dziwe lokhalo limene silinkaphwa m'chilimwe. Timu yopambana inkasunga dziwelo chaka chonse. Ndiyo inkanena kuti uyu amwe, uyu adikire.

Kwa zaka zambirimbiri dziwe linali m'manja mwa timu ya Akudambo. Katswiri wawo anali Nyamalikiti. Panalinso Mbidzi waliwiro, Nyani wamanja, Likongwe wozemba, ndi Sakhwi, kanyama kofanana ndi mbewa, ka mphuno yaitali ngati yobwereka kwa njovu. Akudambo sankamana madzi. Tinyama tonse tosatha kuyenda ulendo wa kumtsinje tinkamwa pamenepo. Ana a Sakhwi ankamwa pamenepo. Chule ankalerera mbululu zake momwemo.

Tsono panali mwambo. Chaka chilichonse, mpira wolimbirana dziwe usanayambe, woyimbira mpira, a Nang'omba, mbalame yakuda ija ya mawu ngati mtondo, ankakodola Nyamalikiti. Nyamalikiti ankayenda monyang'wa mpaka pamsangu, n'kuima nji, n'kugunditsa mphuno pamlomo wa dengu. Kenako kumsangu winawo, chimodzimodzi. Madengu onse awiri ankakhala ndendende pamphuno yake. Nthungululu zinkalira. Nyama zinkati katswiri akupsompsona dengu kuti limukonde, ndipo panalibe wofunsa zambiri. Chingwe cha madenguwo chinali chitalowa kale m'khungwa, moti ana ankayesa madengu anamera ndi mtengo womwewo.

Kuchitunda kunali Chipembere, mwini timu ya Akuchitunda. Iyeyu sanagwirepo dzaye chibadwire. Maso ake anali ofooka, mtengo ankauzindikira atauwomba kale. Koma pa nkhani yoweruza akatswiri panalibe womuposa pakamwa. Tsiku lililonse ankagona pamthunzi wa mkuyu, uku akutafuna, uku akugamula. Ankati timu ya chaka cha dzombe ikanaichinya timu ya chaka cha chigumula itamanga mwendo umodzi kumsana. Ankati osewera a lero ndi ofewa, akangokhudzidwa agwa. Nguluwe akamufunsa kuti kodi timu ya chaka cha dzombeyo anaionera ali kuti, iye ankayankha kuti mpira sauonera ndi maso, amauonera ndi nzeru.

Muyeso wake wa katswiri unali umodzi, ndipo ankaunena kawirikawiri.

"Katswiri ndi amene ndikamuyang'ana khosi limandiwawa. Ngati khosi silinawawe, ameneyo ndi wongoperekeza."

Za Akudambo ankati si timu konse, ndi Nyamalikiti ndi akatundu ake.

Chimene chinkamusowetsa tulo chinali dziwe lija. Khungu linkamuyabwa, nkhupakupa zinkamudya, ndipo iye sankabisa cholinga chake. Ankanena poyera kuti tsiku limene Akuchitunda adzapambane, adzalowa m'dziwemo m'mawa n'kutulukamo dzuwa litalowa, adzagubuduka, adzakanda matope, wofuna kumwa adzamwa zimene iye wasamba. Nyama zikuluzikulu zinkaseka, poti izo zikanatha kupita kumtsinje. Chule sankaseka.

Chaka china Chipembere anatopa ndi kugonja. Anaitana Nyamalikiti n'kumulonjeza phiri lonse la mitengo ya minga yanthete, lake yekha, popanda wina wothyolako tsamba. Nyamalikiti anameza malovu, ndipo malovuwo anatenga nthawi kuti afike kumimba. Atafika, anavomera.

Potsanzikana ndi anzake sanachite manyazi. Anaweramira Sakhwi n'kunena kuti, "Mpira ndi ntchito, mphwanga. Khosi ili silidya chikondi."

Kudambo kunagwa maliro opanda mtembo. Mbidzi anadziika yekha kukhala mtsogoleri, nayesa kuponya. Dzaye linkakwera, linkakwera, n'kubwerera lisanafike, n'kumugwera pamsana, phi. Nyani anayesa kukwera mumtengo nalo, koma anamukumbutsa kuti lamulo limakana. Chule anangokhala m'mphepete mwa dziwe n'kumayang'ana mbululu zake.

Sakhwi anapita kukakhala patsinde pa msangu kuti aganize. Mukakhala wamfupi mumaona zapansi. Anaona zipsera pathunthu la mtengo, zozungulira ngati za chingwe. China chinali pamwamba ndithu. China chinali pakati. China, chakalekale chofufutika, chinali mmunsi mwenimweni, pofika bondo la gwape. Anathamangira kumsangu winawo. Zipsera zomwezo, malo omwewo.

Anakawapeza a Nang'omba akutola ziwala palupsa. Anawapatsa moni mwaulemu, nawafunsa kuti kodi agogo, ndani ankamanga zingwe mmunsi mwa misangu, nanga ankamangiranji. A Nang'omba anasiya chiwala, namuyang'ana ndi diso limodzi, namuyang'ananso ndi linalo.

"Hm. Hm-hm. Chiyambire kuyimbira mpira, wafunsa ndiwe woyamba."

Anaweramira kukhutu kwake namunong'oneza. Zimene ananena mudzazimva pamodzi ndi Chipembere, inu musathamange. Sakhwi atamva anafunsa ngati lamulo limenelo likadalipo.

"Lamulo silifa, limangogona," anatero a Nang'omba. "Koma ine sindidzutsa lamulo popanda wolidandaulira."

Sakhwi anabwerera kudambo. Anamupeza Mbidzi akupuma, namuyang'ana kuyambira kuziboda mpaka kumphuno, napukusa mutu. Anamuyang'ananso Nyani chimodzimodzi, napukusanso mutu. Mbidzi anafunsa chimene chavuta. Sakhwi anati palibe, amangosirira msinkhu.

Kutacha anakwera kuchitunda, mphuno ili gwede gwede, nakagwada pamthunzi wa mkuyu. Chipembere anamva kuti pali wina koma sanamuone, nafunsa Nguluwe kuti ndani akununkha udzu. Atauzidwa, anaseka mpaka nkhuyu zinagwa.

Sakhwi anati wabwera kudzathokoza. Anati bwana achita bwino kuwachotsera mtolo kudambo, poti Nyamalikiti ankadya kwambiri koma ntchito yake inali yongotsitsira dzaye m'dengu, ntchito imene ngakhale nsungwi ingagwire itaimikidwa pamenepo.

"Nanga dzayelo linkafika bwanji kwa iye, bwana? Linkayenda lokha? Amene ankalitenga kumsangu uku n'kulifikitsa kumsangu uko ndi a Mbidzi. Anthu amaombera m'manja womaliza. Koma odziwa mpira ngati inu amayang'ana woyambitsa."

Chipembere anasiya kutafuna. Nguluwe ndi Njati anamuyang'ana kuti amve chigamulo.

"Ine ndinaziona kalekale zimenezo," anatero Chipembere, amene ngakhale nyanga yake ankangoimva kulemera.

Tsiku lomwelo anatumiza mthenga kwa Mbidzi, namulonjeza msipu wa m'mbali mwa chitunda, wobiriwira chaka chonse. Mbidzi anali atamva kale kuti akutchedwa woyambitsa, ndipo mawuwo anamukomera kuposa msipu. Anapita osatsanzika.

Patapita masiku Sakhwi anakweranso. Ulendo uno sanathokoze. Anafika akulira, misozi ili chuchuchu kutsetsereka pamphuno, nagwira phazi la Chipembere. Anati bwana atenga awiri, zakwana, awasiyireko Nyani. Anati Nyani ndiye mtima wa timu, ndiye amalanda dzaye kwa adani, ndiye amatchinga, ndipo timu zonse zimene zinasungapo dziwe zinalisunga chifukwa cha wotchinga osati womwetsa. Akatengedwa Nyani, Akudambo atha.

Njati anatsutsa. Anati Nyani ndi wamfupi, ndipo malo pa timu adzaza kale, pali Nyamalikiti, Nthiwatiwa, Ntchefu, Mbidzi ndi iye mwini. Nguluwe anati wotchinga ndi wofunikadi. Njati anati Nguluwe sadziwa mpira, amangodziwa chinangwa cha eni. Anakangana mpaka fumbi. Chipembere anawaletsa ndi phazi, di.

"Ine ndinaziona kalekale zimenezo. Nyani abwere. Ngati malo palibe, akhala pabenchi, bola asakhale kwa iwo."

Chipembere anamulonjeza Nyani munda wa chimanga wa eni. Nyani anabwera, ndipo anamusonyeza chipika chouma pambali pa bwalo. Anati ndiyo benchi. Nyani anafunsa kuti asewera liti. Chipembere anamuyang'ana, napotokola khosi uku ndi uku, nanena pamaso pa onse kuti khosi silikuwawa. Nyani anakhala pachipika paja, nakhala, nakhala.

Tsiku lija, Sakhwi asanatsike, Chipembere anamufunsa ngati kwatsala winanso wodziwa mpira kudamboko. Sakhwi anati kwatsala a Likongwe. Chipembere anafunsa msinkhu wake, atauzidwa anati amusunge, iye satola zinyenyeswa.

Kudambo nkhani inali itafika kale yakuti pakamwa pa Sakhwi ndi pamene pakugwetsa timu. Zinafika poipa pamene Gwape, nyama yachifundo, anabwera kudzadzipereka kuti athandize. Sakhwi anamuyang'ana kuyambira kuziboda mpaka kumphuno namubweza, nati miyendo yake ndi yowonda. Mbawala anabweranso, nayenso anabwezedwa. Ngakhale Nkhanga anabwezedwa, akuti khosi lake ndi losakhazikika.

Chule analephera kupirira. Anamutsekera njira Sakhwi, maso ali tong'o.

"Achimwene, mwadya chiyani kwa Chipembere? Nenani tidyere limodzi, poti ana anga ndiye mwawagulitsa kale."

Sakhwi anati sanadye kanthu. Chule anati ngati sanadye ndiye kuti wapenga, ndipo kupenga kwaulere n'koipa kuposa kolipidwa. Anafuna kudziwa chimene akukonza. Sakhwi anamuyang'ana kukamwa, kuchokera kukhutu ili mpaka kukhutu linalo, nati nkhaniyo ndi yaing'ono, m'kamwa motero ingasochere n'kukatulukira kuchitunda. M'malo mwake anamufunsa ngati amatha kudumpha atanyamula dzaye.

Umu ndi mmene Chule analowera timu. Analowanso Fuko, wokumba pansi uja, amene maso ake ankapikisana ndi a Chipembere. Womaliza anali Kanyimbi, amene palibe timu inamuitanapo chiyambire, pa chifukwa chimene mphuno zanu zikuchidziwa. Likongwe anawayang'ana anzake atsopanowo, naona kuti iye ndiye wamtali pa onse, ndipo anakhala pansi n'kugwira mutu.

Sakhwi sanawatengere kubwalo. Anawatengera m'udzu, napachika kankhata ka luzi pakamtengo, n'kumawaphunzitsa kukankhana dzaye. Uyu kwa uyu, uyu kwa uyu, du du du, osaligwira nthawi yaitali. Akuchitunda akamadutsa ankaima n'kumaseka, amati Akudambo ayamba masanje. Madzulo Sakhwi ankapita yekha kubwalo kukalambula tinjira take m'fumbi, kuchotsa timiyala ndi timitengo, kanjira aka kopita uku, aka kodutsa apa.

Tsiku la mpira linafika. Nyama zinadzaza mbali zonse, mbalame m'mitengo, akamba anali atanyamuka kwawo mwezi wathawo. Akuchitunda analowa m'bwalo nthaka ikuti gu, gu, gu. Akudambo analowanso, koma ambiri sanadziwe kuti alowa.

Mpira usanayambe Sakhwi anapita pakati nagwada. Anapempha a Nang'omba ndi bwana Chipembere kuti chaka chino chokha malamulo afewetsedwe, alole timu yake kuika mwala pansi pa dengu kuti azikwerapo. Chipembere anadzuka pamene anagona. Anati izi ndi zimene wakhala akunena, osewera a lero ndi ofewa. Anati mpira wakale ndiwo unali mpira, ndipo lero pasasinthe ngakhale kalamulo kamodzi.

"Onse akale, bwana?" anafunsa Sakhwi, mawu akunjenjemera.

"Onse. Ngakhale amene agogo ako anawaiwala. A Nang'omba, mwamva?"

A Nang'omba anati amva, ndipo bwalo lonse lamva. Sakhwi anapukuta mphuno, natembenukira kwa woyimbira, nati ngati zili choncho akudandaulira lamulo la dengu.

A Nang'omba anakonza kukhosi, hm, hm-hm, naitana mokweza kuti wamtali wa timu yosunga dziwe abwere kumsangu. Chaka chino sanangokodola ngati kale, anatchula mawu onse. Nyamalikiti, mwa chizolowezi, anayamba kuyenda monyang'wa, milomo ataisongola kale.

"Inu mukupita kuti?" anafunsa a Nang'omba. "Mukusunga dziwe liti?"

Nyamalikiti anaima mwendo uli m'mwamba. Anati akukapsompsona dengu monga mwa masiku onse.

"Simunkapsompsona. Tinkakuyezani. Dengu limapachikidwa pamphuno ya wamtali wa timu yosunga dziwe, ndilo lamulo loyamba la mpira uno. Zaka zonsezi wamtaliyo munali inu, ndiye dengu silinkasuntha. Lero timu yosunga dziwe ndi iyo ili apoyo. A Likongwe, bwerani."

Likongwe anayang'ana kumbuyo kuti mwina pali Likongwe wina. Sakhwi anamukankha, namunong'oneza kuti lero lokha asaimirire ndi miyendo iwiri monga amachitira akafuna kuona patali, ngakhale atamva chiyani.

Likongwe anafika patsinde, nagunditsa mphuno pathunthu, pansi pa chipsera chakale chija. Chipembere anafunsa Nguluwe chimene chikuchitika. Atamufotokozera, anathamangira pakati, nati ichi ndi chinyengo, Likongwe amatha kuimirira, aimirire. Sakhwi anafunsa mwaulemu kuti kodi a Nyamalikiti poyezedwa ankaima ndi miyendo ingati. Khamu linayankha lokha kuti inayi. Chipembere anati lamulolo ndi lakale kwambiri. A Nang'omba anati n'zoona, ndi lakale kwambiri, ndipo ayamika bwana polikumbukira.

Anatuma Nyani kukamasula madengu, poti chingwe chinafunika manja. Ndiyo ntchito yokhayo imene Nyani anagwira tsikulo, ndipo anaigwira akumwetulira. Madengu anatsika, anatsika, anatsikabe, mpaka anakakhala patsinde, m'kati mwa tizitsamba taminga tomera pamenepo. Fuko anakumba kadzenje pansi pa lililonse kuti dzaye lizikhala ndi pogwera.

A Nang'omba anati hm, mpira unayamba.

Nthiwatiwa ndiye anayamba kulitenga dzaye. Anathamanga bwino kwambiri, anafika pamsangu, naponya m'mwamba mmene anazolowera. Dzaye linadutsa pamene dengu linkakhala kale, phwa wake osamveka, n'kukagwera m'khamu. Ochemerera Akuchitunda anaimba nthungululu theka, kenako anakumbuka.

Nyamalikiti analitenga ulendo wachiwiri. Anayang'ana pansi, dengu osalipeza, linali kutali ngati kumudzi kwa amalume ake. Anatambasula mwendo uwu uku, uwo uko, natsitsa khosi pang'onopang'ono. Magazi anathamangira kumutu, dziko linayamba kuzungulira. Asanafike, Likongwe anadutsa pansi pa chibwano chake nalanda dzaye, posakhalitsa lili pamphuno ya Sakhwi, Sakhwi ali kale pakanjira kake. Du du du. Kwa Fuko. Fuko sanalione koma analimva, nalikankha. Kwa Chule. Chule anadumpha kamodzi kokha. Phwa.

Nyamalikiti anali akadayesa kudzuka.

Zinapitirira choncho. Mbidzi ankathamanga liwiro lake lonse, koma ankapitirira dzaye, pobwerera n'kulipitiriranso. Ntchefu anaweramira dengu nyanga n'kukola m'minga. Njati anapondako mchira wa Fuko, a Nang'omba namuchenjeza kuti akapondanso wina atuluka. Kuyambira pamenepo akatswiri onse ankayenda monyang'ama ngati alendo m'munda wa apongozi, maso ali pansi, osadziwa kuti tiadani tawo tili pakati pa miyendo ya yani. Uyu kwa uyu, uyu kwa uyu, du du du, phwa.

Chipembere anali pambali, mutu uli pansi, chibwano chikukhula fumbi, kuyesa kuona chimene chikuwachinya. Ankangomva phwa n'kufunsa Nguluwe kuti wamwetsa ndani. Nguluwe anatopa n'kuyamba kungoyankha kuti omwe aja.

Pa nthawi yopuma Chipembere anakumbuka Nyani, amene ali ndi manja ndipo amatha kunyonyomala. Anapita kuchipika, namutcha mphwanga, namutcha mtima wa timu, namuuza kuti alowe. Nyani anapitiriza kusenda chimanga.

"Khosi layamba kuwawa, bwana?"

Chipembere anati si nthawi ya zimenezo. Nyani anati iye ndi wapabenchi, matako azolowera, akadzuka mwina angadwale.

Ndiye Chipembere anatulutsa Ntchefu n'kulowa yekha, koyamba chibadwire. Sanafune dzaye. Anapita kudengu limene Akudambo ankamwetsamo, natembenuka, nakhala patsogolo pake, khu. Dengu lonse linabisika, ngakhale nyerere sikanadutsa. Anati tsopano tione. Ndipo kunena zoona zinthu zinasintha. Akudambo ankafika n'kupeza khoma. Nthiwatiwa naye anali ataphunzira kupinda khosi, anamwetsa kamodzi, namwetsanso, namwetsanso. Zigoli zinayandikana mpaka zinafanana, dzuwa likupendeka. A Nang'omba analengeza kuti womwetsa tsopano ndiye watenga dziwe. Chule anayang'ana kumene kunali mbululu zake.

Sakhwi anaitana Kanyimbi, amene mpaka nthawi imeneyo ankangothamanga m'mbali osapatsidwa dzaye. Anamuuza kuti malume, nthawi yanu ija ndi ino. Kanyimbi anafunsa ngati lamulo limalola. Sakhwi anati malamulo akale onse sanenapo kanthu, poti m'mbuyomu panalibe amene anamuitanapo.

Kanyimbi anayenda modekha mpaka pamphuno ya Chipembere. Anapereka moni. Anatembenuka, nakweza mchira. Fwii.

Chipembere maso anali ofooka, koma mphuno inali yakuthwa kuposa ya nyama iliyonse pabwalopo. Anayesa kupirira. Anatseka maso, misozi inatuluka, makutu anagwedera. Kenako anadzambatuka n'kuthamanga molunjika osaona kumene akupita, nakawomba mkuyu wake womwe, nkhuyu zonse n'kumugwera. Dengu linatsala poyera. Sakhwi analikankha dzaye ndi mphuno, nalinyamulira m'mwamba pang'ono. Phwa.

A Nang'omba anati hm-hm, mpira watha, natsokomola.

Dziwe linatsala kwa Akudambo. Mbululu za Chule zinamera miyendo m'madzi oyera, ana a Sakhwi anamwa chilimwe chonse. Nyamalikiti anabwera mwakachetechete kudzapempha malo ake akale. Sakhwi anati madzi amwe mmene angafunire, koma za timu ayi, poti akabwerera dengu likwera naye. Kuchitunda nako akatswiri ankamutsata Chipembere kulikonse, uyu akufuna phiri lake, uyu msipu wake, uyu munda uja wa eni.

Chilimwe chitafika pachimake, Chipembere anatsika yekha kudziwe, lilime lili panja. Anapeza Sakhwi atakhala pamwala. Anapempha madzi ndi mawu aang'ono osayenera thupi lake. Sakhwi anati amwe, koma ndi pakamwa pokha, mapazi atsale kunja. Chipembere anaweramira madzi akubuula, poti chiyambire tsiku la mpira lija khosi linali lisanawongoke.

Sakhwi anadikira kuti ameze kaye.

"Bwana, inu ndinu odziwa. Nyama zikukangana kuti katswiri wa chaka chino ndani. Ine ndawauza kuti tifunse muyeso wanu uja. Khosilo linayamba kuwawa mukuyang'ana yani?"

Chipembere sanadzutse mutu. Anayankhira m'madzi momwemo, thovu lili bwu bwu bwu. Chule, amene anali pansi pa madziwo, amati anamva bwinobwino kuti ine ndinaziona kalekale zimenezo.

N'chifukwa chake mpaka lero chipembere amayenda mutu uli pansi, akufunafuna chimene chinamuchinya. Nyamalikiti akafuna kumwa amatambasula miyendo ngati akuyesabe kumwetsa. Sakhwi akadalambula tinjira take m'udzu. Za nyani, mukadzamuona akutembenuka mudzaone nokha chimene benchi inamuchita.

Nthano yanga yagwera m'dengu, phwa, ndipo kunsi n'kobooka, musandifunse kumene yapita. Koma inu amene mumakangana pawailesi ya eni mpaka kuiwala kudya, kuti uyu ndiye katswiri, timu iyi ndiye yamphamvu, musanatame kutalika kwa munthu muziyamba mwafunsa amene anapachika dengu. Wina akankhe chikuni icho, chikuzima.